Mphika wa Sabata: pamene mabuku a ku Israel akuposera a ku Lebanon

Amene mumagula mabuku a kaphikidwe ka zakudya za ku Middle East mukudziwa kuti pashelefu pamakhala kulimbana kwa mayiko awiri oyandikana, Israel ndi Lebanon, ndipo ambiri mwa inu munasankha kale mbali yanu. Ine kwa zaka zambiri ndakhala wa mbali ya Lebanon, moti sindinkafuna n'komwe kumva munthu akutchula hummus, tchana wopota wosakaniza ndi chitowe chopera, ngati chakudya cha ku Israel. Koma pali funso limodzi limene ife osunga Sabata timafunsa buku lililonse tisanaligule: kodi chakudya ichi ndingachikonze Lachisanu dzuwa lisanalowe, n'kudzachidya Loweruka masana chili chotentha ndiponso chokoma, popanda kusonkhanso moto? Pa funso limeneli mabuku a ku Lebanon amandisiya padzuwa, pamene a ku Israel amayankha ngati kuti wolembayo anakulira m'nyumba mwathu.

Chimene chandilembetsa ndi zimene zinandichitikira posachedwapa nditaitana alendo kuti tidzadye limodzi tikaweruka kutchalitchi. Ndinatsata buku lina la ku Lebanon mzere ndi mzere. Tabbouleh ndinamukonza Lachisanu madzulo monga bukulo likunenera, masamba ambiri a parsley odulidwa bwinobwino, timbewu, tomato, tirigu wosinja pang'ono chabe, mandimu ndi mafuta a olivi. Pofika Loweruka masana mchere ndi mandimu zinali zitatulutsa madzi onse a mu tomato, masamba aja atada n'kugona pansi pa mbale. Kibbeh, timipira ta nyama yogaya ndi tirigu wosinja, amene ndinakazinga dzulo lake anali atauma gwa. Bukulo silinandichenjeze paliponse, chifukwa wolembayo sanaganizepo kuti pali munthu amene angafune kumaliza ntchito ya kukhitchini kudakali tsiku lathunthu. Kaphikidwe ka ku Lebanon kamafuna kuti wophika akhale chiimire mpaka mlendo atasamba m'manja, ndipo tebulo lawo la timbale ting'onoting'ono tambirimbiri, limene amati mezze, limafuna nyumba yokhala ndi azakhali atatu, apongozi ndi ana aakazi angapo, onse mipeni ili m'manja.

Tsono tsegulani buku labwino la zakudya zapakhomo za ku Israel, mupeza gawo lathunthu loperekedwa ku vuto limeneli. Lamulo la pa Eksodo 35:3, loletsa kusonkha moto m'nyumba tsiku la Sabata, linakakamiza Ayuda kulikonse kumene ankakhala kuti apeze njira yodyera chakudya chotentha osaphika, ndipo njira imene anaipeza ndi mphika umene ku Israel amautcha hamin. Pansi pa mphika mumayala anyezi wokazinga, kenako nyama ya ng'ombe yamafuta ndi mafupa ake, nyemba kapena tchana zimene zagona m'madzi, tirigu wathunthu kapena balere, mbatatesi zosenda zathunthu, ndipo pamwamba mumasanja mazira ndi makoko ake. Mumathira madzi okwanira kumiza zonsezo, mumabwatitsa, kenako mumavindikira kolimba n'kuika mu uvuni wofunda pang'ono, cha m'ma 100°C, kapena pa chitsulo chamagetsi chimene iwo amati plata. Mphikawo umakhala pamenepo usiku wonse mpaka masana a tsiku lotsatira, osavundulidwa. Kalekale, mabanja asanakhale ndi uvuni wawowawo, ku Morocco ndi kum'mawa kwa Ulaya ankanyamula miphika yawo Lachisanu kukaisiya mu uvuni wa wophika buledi, n'kukaitenga Loweruka. Amene munaleredwa ndi agogo osiya nyemba mumphika wadothi pamakala okwiriridwa ndi phulusa mumvetsa msanga nzeru imeneyi.

Chimene chimatuluka mumphikamo sindinachikhulupirire nditachiona koyamba. Mbatatesi zimasanduka zofiirira mpaka m'kati, nyama imayoyoka ndi sipuni, tirigu amamwa msuzi wonse wa mafupa, ndipo dzira mukalisenda mumapeza kuti choyera chake chafiirira ndipo likununkhira fungo la nyama. Nyumba yonse imadzuka m'mawa wa Sabata ikununkhira chakudya pamene palibe amene wagwira mthiko. Buku lina lililonse la ku Lebanon limene ndili nalo silinandipatsepo mtendere woterowo.

Chokondweretsa kwambiri n'chakuti mphikawo si umodzi, chifukwa dziko la Israel litakhazikitsidwa mu 1948 linalandira Ayuda ochokera kumadera osiyanasiyana, aliyense atanyamula mphika wakwawo. Pakati pa 1949 ndi 1950 Ayuda pafupifupi 49,000 anasamutsidwa pandege kuchoka ku Yemen, ndipo anabwera ndi jachnun, mtanda wa ufa wa tirigu woyalidwa mopyapyala, wopakidwa mafuta n'kukulungidwa, umene umapsa usiku wonse n'kudyedwa m'mawa ndi tomato wopala, dzira ndi tsabola woyabwa wotchedwa zhug. Kuchokera ku Iraq kunabwera anthu oposa 120,000 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ndipo awo ndiwo eni ake a tbit, nkhuku yoyikidwa mpunga m'mimba n'kukwiriridwanso mumpunga wina wa tomato ndi cardamom, umene pansi pake pamapsa nkhoko yokoma kwambiri. A ku Morocco ali ndi dafina, a ku Poland ndi Russia ali ndi cholent, ndipo mzinda wa Jerusalem uli ndi kugel wakewake wa noodles, shuga wowotcha ndi tsabola wakuda wochuluka. Claudia Roden, amene anabadwira ku Cairo mu 1936 ndipo banja lake linachoka ku Egypt pambuyo pa nkhondo ya Suez ya mu 1956, anasonkhanitsa zambiri mwa zimenezi m'buku lake la mu 1996 lotchedwa The Book of Jewish Food, ndipo amene akufuna kudziwa kuti mphika uliwonse unachokera kuti ayambire pamenepo.

Apa ndiyenera kuvomera zinthu zingapo, chifukwa kukonda hamin sikunandichititse khungu. Pa nkhani ya masamba aawisi, mandimu ndi adyo, Lebanon alibe mnzake, ndipo tabbouleh wa m'mabuku ena a ku Israel, wodzadza tirigu masamba ali apo ndi apo, sayenera n'komwe kutchedwa dzina limenelo. Ndikuvomeranso kuti a ku Lebanon ali ndi zakudya zodyedwa zozizira zimene zimapirira usiku, monga mujaddara wa mphodza, mpunga ndi anyezi, kapena zitheba zophikidwa ndi tomato m'mafuta a olivi. Chimene alibe m'mabuku amene ndawawerenga ndi chakudya chopangidwa mwadala kuti chidikire wochidya chili chotentha. Ndipo pa mkangano wa hummus sindinasinthe maganizo. Mu January 2010 mudzi wa Abu Ghosh pafupi ndi Jerusalem unapanga mbale ya hummus yolemera matani oposa anayi, ndipo mu May chaka chomwecho a ku Lebanon anayankha ndi mbale ya makilogalamu 10,452, nambala yofanana ndi kukula kwa dziko lawo pa masikweya kilomita. Tisaiwale kuti Abu Ghosh ndi mudzi wa Aluya. Hummus, falafel (timipira tokazinga ta tchana wogaya), za'atar (zokometsera za masamba ouma ndi chitowe) ndi mabiringano owotcha osakaniza ndi chitowe chopera zinalipo m'makhitchini a Apalestina ndi anansi awo dziko la Israel lisanakhalepo, ndipo buku limene limazitchula ngati zake popanda kunena kumene zinachokera limandipsetsa mtima. N'chifukwa chake ndimalemekeza buku la Jerusalem la mu 2012, limene analemba Yotam Ottolenghi ndi Sami Tamimi, onse obadwira mumzindawo mu 1968, wina kumadzulo kwa Ayuda, wina kum'mawa kwa Apalestina, chifukwa silibisa kuti khitchini ya mzindawo ili ndi eni ake ambiri.

Anansi ena awiri a Israel sindiwatayira nthawi yaitali. Egypt ali ndi ful medames, nyemba zikuluzikulu zimene nazonso zimapsa usiku wonse pamoto wochepa, ndipo ndikuwapatsa ulemu wawo, koma chimenecho ndi chakudya cha m'mawa, sichingakhutitse alendo a masana. Jordan ali ndi mansaf, nyama ya nkhosa yophikidwa mumsuzi wa yogati wouma, imene bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, UNESCO, linailemba pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu mu 2022. Chimenecho ndi chakudya cha paukwati ndi pamwambo, ndipo m'buku la banja la Chiyuda losunga malamulo a zakudya simungachipeze, popeza iwo sasakaniza nyama ndi mkaka.

Kwa amene mukufuna kuyesa hamin, pali zinthu ziwiri zimene mabuku ena amangozidumpha. Ngati mukugwiritsa ntchito nyemba zofiira, muzibwatitse kwambiri kwa mphindi zosachepera khumi musanachepetse moto, chifukwa nyemba zimenezi zikangofunda osawira bwino zimatsegula m'mimba ndi kusanzitsa. Chachiwiri, onetsetsani madzi dzuwa lisanalowe, chifukwa mphika wosavindikira kolimba umauma pakati pa usiku ndipo mumadzuka nyumba ikununkha chopserera. Posankha buku, musakopeke ndi zithunzi za m'malesitilanti a ku Tel Aviv zimene zadzadza m'mabuku ambiri a Chingerezi masiku ano. Tsegulani kumapeto kumene kuli mndandanda wa zakudya, muyang'ane ngati muli hamin, tbit kapena jachnun, ndipo ngati mulibe chilichonse mwa zimenezi, bukulo likunena za malo odyera alendo, osati za chakudya chimene mabanja a ku Israel amadya kunyumba kwawo Loweruka.