Kukonza msewu magalimoto akudutsa: mmene timachitira kuno ndi mmene amachitira anzathu

Maiko a Malawi, Zambia, Mozambique ndi South Africa onse amayendetsa magalimoto kumanzere, ndipo buku la zizindikiro zamumsewu la SADC limanena kuti zikwangwani zosakhalitsa, zoikidwa pamalo pamene msewu ukukonzedwa, zikhale zachikasu. Malamulo tikufanana, koma kusiyana kumaonekera pa funso limodzi: kodi magalimoto ndi anthu adutsa pati pamene phula lakale lagumulidwa?

Ku South Africa, pamisewu yambiri ya SANRAL, bungwe loyang'anira misewu ikuluikulu ya dzikolo, kontrakitala amatseka mbali imodzi ya msewu n'kusiya inayo kuti magalimoto azidutsamo mosinthana. Kumathero onse awiri kumakhala munthu wovala chonyezimira, wokhala ndi wailesi ya m'manja ndi chikwangwani chotembenuza chouza madalaivala kuti aime kapena adutse, ndipo satsegula njira mpaka mnzakeyo atamuuza kuti galimoto yomaliza yatuluka. Dalaivala amayamba kuchenjezedwa akadali kutali, liwiro likutsitsidwa pang'onopang'ono. Kudikirako kumatopetsa, komabe munthu amakhala pa phula ndipo amaona kutsogolo.

Kuno kwathu timakonda kulambula njira yadothi pambali. Pa ntchito yaikulu ngati yokonzanso msewu wa M1, yomwe inayamba mu 2022 ndi thandizo la European Investment Bank ndi EU, kuchokera pamphambano ya ku bwalo la ndege la Kamuzu kulowera kumpoto, njira zoterezi n'zosapeweka chifukwa msewuwo umakulitsidwanso. Vuto la njira yadothi iliyonse limabwera ikasiya kusamalidwa. M'chilimwe, galimoto yothira madzi ikangojomba tsiku limodzi, thiraki imodzi imautsa fumbi loti woyendetsa minibasi saona ngakhale wakabaza amene ali patsogolo pake. M'dzinja njira yomweyo imasanduka matope, thiraki n'kutitimira, mzere wa magalimoto n'kufika kutali. Usiku ndiye koopsa kwambiri, pakuti mulu wa miyala kapena dzenje la mlatho wosatha nthawi zina limatchingidwa ndi mipipa yopanda chonyezimira, mwinanso nthambi za mtengo chabe.

Ku Zambia, ntchito ya msewu wa Lusaka mpaka Ndola, yomwe mgwirizano wake ndi kampani zoima pazokha unasainidwa mu 2023, ili ndi mwayi umene ife sitikhala nawo kawirikawiri, chifukwa pomanga msewu wachiwiri pambali pa wakale magalimoto angathe kupitiriza kuyenda pa phula. Ku Tete m'dziko la Mozambique, pamene mlatho wa Samora Machel wa pamtsinje wa Zambezi unkakonzedwa, mathiraki, kuphatikizapo obwera kuno kudzera pa Zobue, ankadikira nthawi yaitali chifukwa panalibe powolokera pena pafupi, ndipo mpumulo weniweni unabwera mu 2014 atatsegula mlatho wa Kassuende.

Ine ndikuona kuti kutengera njira ya ku South Africa mmene ilili sikungatikwanire, chifukwa M1 imadutsa pakati penipeni pa misika monga Mponela, Madisi ndi Jenda, kumene oyenda pansi, ana asukulu, njinga ndi ngolo amachuluka kuposa magalimoto. Chimene tiyenera kutengerako ndi chakuti kuyendetsa bwino magalimoto pamalo antchito kuzilembedwa mu mgwirizano ngati ntchito yokhala ndi mtengo wakewake, kuti njira yadothi ikapanda kuthiridwa madzi kapena kusalazidwa, bungwe la Roads Authority lizidula ndalamazo mwezi womwewo. Mgwirizanowo uzinenanso kutalika kwa dera limene kontrakitala angagumule nthawi imodzi, uzilamula kanjira kotchingidwa ka oyenda pansi pamsika uliwonse, ndiponso kuti oimitsa magalimoto azikhalapo ndi nyali mpaka kucha, osati kuweruka dzuwa likamalowa pamene mabasi ausiku opita ku Mzuzu ndi ku Karonga akungoyamba kumene ulendo.