Mendulo siphikidwa: maganizo anga pa malipiro a osewera tebulo tenesi

Dzulo madzulo tinatsutsana pachiwaya pa boma pano mpaka tchipisi kuzizira. Nkhani yake inali ya tebulo tenesi, inde, masewera a kampira kopepuka konga chikungwa cha dzira aja. Mnzanga wina amene amapikula kachewere ku Bembeke n'kumakagulitsa ku Lilongwe anandiponyera funso anthu onse akumva: "Kodi aphunzitsi, anthu andevu zawo omenya kampira kaja amalandiradi malipiro? Malipiro a chiyani?" Anthu anafa nalo phwete. Nanenso ndinaseka, nanga n'kutani, koma usiku tulo tinavuta. Ndiye ndati ndilembe, wondinena andinene.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti Loweruka lililonse ndimakhala ndi ana m'kaholo ka kutchalitchi kwathu. Tebulo lathu anatikhomera kalipentala wa pamsika, mabolodi awiri olumikiza pakati. Ndinam'patsa miyeso yeniyeni, mamita 2.74 m'litali, 1.525 m'lifupi, masentimita 76 kuchoka pansi, ndipo iye anayesetsa, kungoti mbali imodzi inapindika ndi chinyezi cha dzinja, moti mpira ukagwera pamenepo umalowera kwina. Ana amati ndi "pa ufiti". Neti yake tinadula ku neti ya udzudzu yakale. Mwezi wa June, mphepo ikamatsika m'phiri la Dedza, zala zimachita kuuma osagwira bati, kathabwa komenyera mpira, bwinobwino, koma ana amabwerabe atavala majuzi awiriawiri.

Pa ana onse amene adutsa pa tebulo limeneli, wodziwa kwambiri anali mphwanga, mwana wa mlongo wanga. Sindikunena chifukwa cha chibale. Mnyamatayu amazunguza mpira mwakuti ukakhudza bati yako umathawira kudenga iwe osadziwa chachitika n'chiyani. Atamuitana ku mpikisano ku Lilongwe, mayi ake anagulitsa thumba la kachewere lomwe anasungira mbewu kuti apeze thiransipoti ndi chakudya cha masiku awiri. Ine ndinaonjezerapo ya labala watsopano wa pabati. Anakathera pa nambala yachitatu. Anabwera ndi mendulo, tisheti yaikulu ngati ya bambo ake, ndi lonjezo lakuti alawansi idzabwera pa foni. Foni ija tinaiyang'ana mpaka mvula kugwa.

Chomwe sindidzaiwala ndi agogo ake. Anailandira mendulo ija ndi manja awiri, kuitembenuza uku ndi uku, kuigogoda ndi chikhadabo, kenako anafunsa modekha: "Nanga mdzukulu wanga, imeneyi tiphika bwanji?" Sananene mwachipongwe ayi. Amafunsadi. Lero mphwangayo ali pa kabaza wa njinga yamoto, amanyamula anthu kuchokera pa boma kupita kuchipata cha ku Mozambique. Tikakumana amangoti, "Malume, bati ija ilipo, ndinaisunga."

Mwina mukuti zimenezi n'za kuno kwathu kosauka. Ayi ndithu, ngakhale kunja komwe masewerawa ali ndi ulemu, ndalama zake n'zochepa modabwitsa. Bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, ITTF, lilipo kuyambira 1926, ndipo tebulo tenesi inalowa m'masewera a Olimpiki ku Seoul mu 1988. Si masewera a dzulo. Mu 2021 bungweli linayambitsa mipikisano ya World Table Tennis (WTT) pofuna kuti mulowe ndalama, ndipo mpikisano wawo waukulu woyamba, ku Singapore mu 2022, anauikira madola 2 miliyoni. Anthu anaomba m'manja kuti zinthu zasintha. Koma ndalama imeneyo inali yogawana osewera onse, amuna ndi akazi, osewera payekha ndi osewera awiriawiri. Katswiri wopambana onse anatenga madola 100,000.

Tsopano yang'anani abale awo a tenesi ya pabwalo. Ku Wimbledon mu 2024, Carlos Alcaraz yekha anapita kwawo ndi mapaundi 2.7 miliyoni. Munthu mmodzi, kuposa thumba lonse la ku Singapore lija. Ndipo amene anagonja pa masewero oyamba penipeni, kungofika n'kukwapulidwa, analandira mapaundi 60,000. Nambala yachiwiriyi ndi imene imandiwawa ine, osati ya Alcaraz.

Pajatu tikamakamba za malipiro a osewera, maso athu amathamangira kwa wopambana. Ine wopambana sindimudandaula. Ma Long wa ku China ali ndi mendulo zagolide 6 za Olimpiki, makampani amachita kulimbirana nkhope yake, sangagone ndi njala. Osewera a ku China amawasamalira ndi boma lawo ndi matimu a m'zigawo zawo kuyambira ali ana, aphunzitsi, madokotala, chakudya, zonse, n'chifukwa chake pa mendulo zagolide 42 zimene zaperekedwa ku Olimpiki kuyambira 1988, iwo anakolola 37. A ku Ulaya ali ndi makalabu owalipira pamwezi, makamaka ku Germany ndi ku France. Amene ndikumulira ine ndi wosewera wa pakatikati, wa nambala 70 kapena 120 padziko lonse, makamaka wochokera ku Africa kuno. Munthu ameneyu ndi katswiri weniweni, m'dziko lake palibe angamuyandikire. Koma kuti asatsike pa mndandanda ayenera kumayenda, lero Doha, mawa Tunis, mkuja Slovenia. Tikiti ya ndege, viza, hotela, labala wa pabati yemwe kwa akatswiri sakhalitsa, ndipo akafuna kuyenda ndi mphunzitsi wake, zonsezo kawiri. Akagonja pa masewero oyamba amabwerera ndi ngongole. Kusiyana kwake ndi mphwanga ndi kwakuti wina anakwera minibasi, wina ndege.

Maganizo anga ndi awa. Wosewera amene wafika poti masewerawa ndiye ntchito yake, amadzuka m'mawa kukachita zokonzekera maola asanu kapena asanu ndi limodzi tsiku ndi tsiku, azilandira ndalama yoti akachotsa zonse zoyendera atsale ndi yolipira lendi, yodyetsa banja ndi yosungako pang'ono. Osati za Messi ayi. Zofanana ndi za munthu wina aliyense wodziwa ntchito yake bwino m'dziko limene akukhalalo, n'kuonjezerapo kenakake chifukwa ntchito yake ndi yaifupi. Ine mphunzitsi choko ndidzagwira mpaka imvi, penshoni ili kutsogolo ngakhale imachedwa. Iye bondo kapena phewa likangoti thyo, basi kwatha, mwina ali ndi zaka 30. Ngati thumba la mpikisano ndi laling'ono, achepetseko ya wopambana, aonjezere ya ogonja koyambirira. Wopambanayo anapambana ndani pakanapanda iwowo? Gule wamkulu sakoma ndi chilombo chimodzi, pamafunika oimba ng'oma ndi amayi oomba m'manja, ndipo onsewo nsima amadya.

China chimene chinandikwiyitsa ndi nkhani ya chindapusa. WTT inaika lamulo lakuti osewera apamwamba akapanda kupita ku mipikisano ina yake azilipitsidwa. Taganizani, munthu sumulipira pamwezi, si wantchito wako, koma akati ndatopa kapena ndili ndi masewero a kalabu imene imandidyetsa, iwe ukumutchaja. Quadri Aruna wa ku Nigeria, munthu woyamba wa mu Africa kufika mu ndime ya anthu asanu ndi atatu omaliza ku Olimpiki, ku Rio mu 2016, anadandaula poyera za zimenezi mu 2024. Ambiri sanalabadire, pajatu ndi wa kuno. Koma mu December chaka chomwecho Fan Zhendong ndi Chen Meng a ku China, onse atangotenga kumene golide ku Olimpiki ya ku Paris, analengeza kuti akuchoka pa mndandanda wa dziko lonse, n'kutchula chindapusa chomwecho. Apo ndiye dziko linatchera khutu. Fan pambuyo pake anakasaina ku kalabu ya Saarbrücken ku Germany. Ngati mwini golide akuona kuti bola kalabu, kuli bwanji wa nambala 120?

Mnzanga wa kachewere uja ali ndi mfundo yake, ndisamunamizire. Iye akuti ndalama imatsata maso a anthu. Pitani m'mashowo a kanema pa Lizulu kapena pa Linthipe Loweruka masana, anthu adzaza kuonera Arsenal ndi Manchester United, kulipira pakhomo, ena kuimirira. Muike tebulo tenesi, mutsala nokha ndi mwini jenereta. N'zoona. Ndipo masewerawa pa kanema amavutadi kuwatsatira. Kampirako ndi ka mamilimita 40, kolemera magalamu 2.7 okha, ndipo chimene chimapha munthu ndi kuzungulira kwake, komwe diso la woonera silikuona. Umangoona katswiri waponyera kunja, iwe n'kumati ngakhale ine ndikanabweza. Eni masewerawa akudziwa vutoli. Mu 2000 anakulitsa mpira kuchoka pa mamilimita 38 kuti uziyenda pang'onopang'ono, mu 2001 anadula magemu kuchoka pa mapointi 21 kufika pa 11 kuti mtima uzikhala m'mwamba. Zonsezo kufuna oonera.

Koma mfundo imeneyi ili ndi polekezera. Kunena kuti palibe oonera n'kuyang'ana pa Lizulu pokha. Ku China anthu amadzaza mabwalo, matikiti kutha, achinyamata kulondola osewera mpaka ku bwalo la ndege ngati oimba. Ku France abale awiri a Lebrun, Félix ndi Alexis, anadzutsa dziko lonse pa Olimpiki ya 2024. Ndalama zikulowa ndithu, za makanema, za makampani, za mizinda yofuna kuchititsa mipikisano. Funso langa ndi lakuti pa ndalama zolowazo, zingati zikufika m'manja mwa amene akutuluka thukuta? Ngakhale kumsika kuno timadziwa, mlimi wa kachewere ndi amene amapeza zochepa, wopikula ndiye amamanga nyumba ya malata. Mnzanga uja nditamuuza zimenezi anangoti, "Aphunzitsi, mwayamba zandale," n'kuitanitsa tchipisi china.

Wina anati, nanga anamwino ndi inu aphunzitsi amene mukulira malipiro, mukufuna boma lisiye mankhwala ligule timipira? Ayi. Sindikupempha msonkho wa munthu kuti ulipire osewera. Kuno kwathu sitinafike n'komwe pokamba za malipiro a pamwezi. Chomwe ndikupempha n'chaching'ono: wokonza mpikisano, musanaitane mwana wa ku Mayani kapena ku Tsangano, yambani mwapeza thiransipoti yake yobwera ndi yobwerera, ndi chakudya, mum'patse m'manja tsiku lomwelo, osati za pa foni. Ngati ndalama yachepa, siyani kubwereka mahema ndi zokuzira mawu, siyani chakumwa cha alendo olemekezeka. Ndinaonapo ndi maso angawa mipando ya kutsogolo ili ndi mabotolo a madzi ndi zokhwasula, osewera akugawana mandasi kuseri kwa holo. Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, labala wabwino, yemwe amachokera kunja, wasanduka chinthu choti mwana wa mlimi angomuona pa foni.

Ndipo tisamadzinyoze kuti Mmalawi sangadye za masewera. Mwawi Kumwenda anakasewera netibo ku Australia zaka zambiri. Temwa Chawinga anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya mpira wa amayi ku America mu 2024, mkulu wake Tabitha ali ku France. Onsewa pali amene anawalipirira ulendo woyamba. Tebulo tenesi ndi yotchipa kuposa masewera ambiri, sifuna bwalo, chipinda chimodzi chikwana, mvula igwe isagwe. Mu 2023 mpikisano wa dziko lonse unachitikira ku Durban, koyamba mu Africa kuchokera pa wa ku Cairo mu 1939. Durban yomweyi, kumene abale athu ambiri a ku Dedza ndi ku Ntcheu amapita pa basi kukagwira maganyu. Ine ndinaonera pa foni, bandulo kutha pakati pa gemu, ndikuganiza za mphwanga amene tsiku limenelo anali pa siteji kudikira makasitomala.

Loweruka likubwerali tiliponso kuholo, 2 koloko. Timipira tatsala titatu, kamodzi n'kophwanyika mbali, koma ana anaphunzira kukaviika m'madzi otentha kuti kafufume. Pali kamtsikana ka sitandade 6 kamene kayamba kubweza mipira ya "pa ufiti" ija osaphonya, ndipo mayi ake anandiimitsa pachigayo sabata yatha kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi zimenezi zili ndi tsogolo, kapena azingobwera kudzandithandiza kugulitsa tomato?" Ndinawauza kuti ndidzawayankha Loweruka.