Mpango wa silika si wa kumaliro kokha

Loweruka lapitali ndinali pamsika wa Zomba, kumbali ya kaunjika, ndikusankhira ana majuzi poti chiperoni chayamba kale kutsika m'phiri. Pansi pa mulu wa zovala ndinasolola kansalu ka makona anayi, kofiira ngati katondo, kokhala ndi timizere tachikasu m'mphepete. Nditangokagwira, zala zinandiuza kuti ndi silika. Mtsikana amene ankasankha pambali panga, wooneka kuti ndi wa ku Chanco, anakayang'ana n'kunena kuti, "Anti, zimenezotu ndi za kumaliro." Sanayankhule mwachipongwe, ankangonena zomwe akudziwa. Koma mawuwo andikhala pamtima sabata yonse.

Amayi anzanga, penapake tinaphonya. Duku tinalisiyira malo atatu: kumaliro, kutchalitchi, ndi tsiku lomwe tsitsi silinakonzedwe. Ana athu akukula akuona duku ngati chobisira chinachake, kaya ndi chisoni kaya ndi mutu wosapesa. Sindikunyoza malo amenewo. Pamaliro ndimamanga duku ndi chitenje, ndipo ndimamanga ndi mtima wonse. Amayi a Mvano akandanda ndi maduku awo oyera, ositasita, ndimaima n'kuwayang'ana. Achemwali athu achisilamu, omwe kuno ku Zomba ndi ambiri, amafunda kumutu tsiku ndi tsiku, ndipo ena a iwo amadziwa kukulunga nsalu mokongola kuposa tonsefe. Chomwe ndikukana n'choti nsalu yokoma chonchi izidikira munthu amwalire kuti ituluke m'sutikesi.

Ndikumvetsa komwe zinachokera. Amene tinakula nthawi ya Kamuzu tikukumbuka lamulo la kavalidwe la 1973, lomwe linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi. Linachotsedwa mu 1993. Ufulu utabwera, ambiri tinafuna kutalikirana ndi chilichonse chonunkhira kukakamizidwa, ndipo duku linapita nawo ngakhale kuti ilo silinatilakwire. Komatu mayi Joyce Banda, mwana wa konkuno ku Zomba, analamulira dziko lino kuyambira 2012 mpaka 2014 atamanga duku, n'kumakhala nalo pakati pa atsogoleri a mayiko ena. Kaya ndale zawo mumazikonda kaya ayi, palibe anganene kuti ankaoneka ngati akupita kusiwa.

Mayi anga anali ndi mpango umodzi wa silika, wobiriwira, womwe bambo anawagulira asanatibereke. Ndi umene ndinaphunzirirapo kumanga. Ankandikhazika pampando wa ndalema pakhonde, iwo n'kuima kumbuyo kwanga, ndipo sankafotokoza zambiri. Ankangogwira manja anga n'kuwayendetsa.

Kamangidwe koyamba komwe anandiphunzitsa ndi kamene aliyense amati amakadziwa. Mumapinda mpango ngodya ina kukakumana ndi inzake, ukhale wa makona atatu. Mbali yaitali mumaiika pamphumi, nsonga ziwiri n'kuzipititsa kumbuyo, kuzimanga pankhongo pamwamba pa ngodya yolendewerayo, kenako ngodyayo n'kuilowetsa pansi pa mfundo. Ndi chitenje zimenezi n'zosavuta, chifukwa thonje limagwira tsitsi. Silika ndiye ayi. Amaterera. Mukamanga monga mumangira chitenje, musanafike ndi pa depoti pomwe mpango uli kale paphewa, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi n'kunena kuti silika ndi wachabe.

Mayi anali ndi nzeru zake ziwiri. Yoyamba, mbali ya pamphumi ija ankaipindanso kawiri, kukula ngati zala ziwiri, kuti ikhale yochindikala ndipo igwire. Ndipo ngati tsitsi lili loongola, loterera, ankayamba amanga kansalu kathonje kopyapyala mkati, silika n'kubwera pamwamba. Masiku ano atsikana ali ndi timalamba tansalu ta m'mutu, timagwira ntchito yomweyo. Yachiwiri ndi mfundo. Poyamba nsonga ya kumanja idutse pamwamba pa ya kumanzere, kachiwiri ya kumanzere idutse pamwamba pa ya kumanja. Mukatero mfundo imagona mwaudongo ndipo simasuka yokha. Mukabwereza mbali imodzi kawiri, mfundo imapendekeka, nsonga ina kuloza kumwamba ina pansi, ndipo pang'onopang'ono imamasuka. Ndikaona munthu akulimbana ndi mpango pagalasi, nthawi zambiri vuto limakhala pomwepa. Zimafuna kubwereza kangapo zala zisanazolowere. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mapini musawakhulupirire kwambiri. Pini ikaboola silika, kabowo kamatsala.

Kamangidwe komwe ndimakakonda ineyo ndi ka mfundo ya kutsogolo. Mpango ukhalebe wa makona atatu, koma ulendo uno mbali yaitali iyambire pankhongo. Weramani pang'ono, ngodya ija igwere kumaso. Bweretsani nsonga ziwirizo kutsogolo, muzimange pamwamba pa mphumi, pamwamba pa ngodyayo. Ndiye ngodya yotsalayo muipindire m'mwamba n'kuibisa m'mfundo. Nsonga mukhoza kuzipota ngati chingwe n'kuzizunguliza mfundo mpaka zipange kaduwa, kapena kuzisiya ziime ngati timakutu. Mfundo isakhale pakati penipeni. Isunthireni pang'ono kumbali, pamwamba pa diso limodzi, nkhope imatseguka. Ndi ndolo zazikulu, mwakonzeka kupita ku chinkhoswe. Koma ndinene zoona, musayembekezere kuti silika aime njo ngati duku la chitenje chatsopano chokhala ndi sitachi. Chitenje chimaima, silika amagona n'kutsata mutu. Amene akufuna duku lalitali loti anthu alione ali kumsewu, atenge chitenje. Kukongola kwa silika kuli pa mapindo ake ndi momwe amasinthira kuwala munthu akatembenuka.

Pa kamangidwe kameneka kukula kwa mpango n'kofunika. Wa masentimita 90 mbali zonse ndiwo umakwana mutu, makamaka ngati mwaluka tsitsi. Muyeso umenewu ndi wa mipango yotchuka ya kampani ya ku France ya Hermès, yomwe inatulutsa mpango wake woyamba mu 1937. Kumeneko umodzi umagulidwa madola mazana angapo, ndipo amayi a kumeneko amasiyirana ngati chuma cha pabanja. Timipango ting'onoting'ono, ta masentimita 50 kapena kuposerapo pang'ono, musativutitse ndi mutu wonse. Malo ake ndi m'khosi kapena kuzungulira tsitsi.

Tating'onoto mumatipinda mwa njira ina. Yalani pathebulo, ngodya ziwiri zoyang'anana muzibweretse pakati, kenako pindaninso mbali zonse ziwiri mpaka patsale kalamba kotambalala ngati zala zitatu. Kalamba kameneka kamachita zambiri. Kamamanga tsitsi lachilengedwe lomwe mwalisonkhanitsira pamwamba. Kamazungulira khosi, mfundo n'kukhala pambali, ndipo bulauzi yoyera ya ku ofesi yomwe mwaivala zaka zitatu imaoneka yachilendo. Ena amakakulunga pa chogwirira cha chikwama. Ine chimenecho sindichikonda kwenikweni, chifukwa thukuta la m'manja ndi fumbi la m'minibasi zimamaliza nsalu msanga, koma ndaonapo atsikana chikuwakhala.

Miyezi ya Juni ndi Julayi, Zomba amazizira mpaka m'mafupa, makamaka m'mawa nkhungu ikaphimba phiri. Anthu amadabwa ndikawauza kuti kansalu kopepuka chonchi kamafunditsa. Pindani makona atatu, ngodya igwere pachifuwa, nsonga zidutsane kumbuyo kwa khosi n'kubwerera kutsogolo, muzimange pansi pa ngodyayo, jekete pamwamba. Mphepo ya pa kabaza kuchokera ku Matawale kupita m'tauni siipeza polowera. Abambonso akhoza kutero mkati mwa kolala ya shati, palibe chochititsa manyazi. Palinso kamangidwe ka mfundo ya pansi pa chibwano, komwe Mfumukazi Elizabeth II ankakonda. Ine sikandikhala, koma pamphepo kamagwira kuposa ena onse.

Usiku ndiye sindigona wopanda mpango. Pilo wathonje amayamwa mafuta a m'tsitsi ndipo amalikwekwesa usiku wonse. Silika amaterera, ndiye tsitsi loluka limakhalitsa ndipo la m'mbali mwa mphumi silithothoka msanga. Khalidwe lomwe limativutitsa masana lija ndi lomwe limatithandiza usiku.

Tsono pali nkhani ya kugula, poti si chilichonse chonyezimira chomwe ndi silika. Ndinagulapo wina kwa wogulitsa amene analumbira kuti ndi weniweni. Mwezi wa Okutobala utafika, mutu unkangotuluka thukuta ngati ndavala jumbo. Inali poliyesita. Silika weniweni amafunda msanga ukamufumbata m'manja, ndipo kuwala kwake n'kofatsa, kumasintha ukamutembenuza, pomwe poliyesita imangowala mofanana paliponse. Yang'ananinso m'mphepete. Mipango yabwino mphepete mwake amachita kukulunga ndi kusoka pamanja, ndipo ulusi wake suyenda mzere wowongoka ngati wa makina. Mukafika kunyumba, sololani kaulusi kamodzi m'mphepete n'kukayatsa ndi machesi. Silika amanunkha ngati tsitsi lopserera, n'kusiya phulusa lofumbutuka pazala. Poliyesita imasungunuka n'kuuma ngati kamkanda.

Fungo la tsitsilo lili ndi chifukwa chake. Silika sachokera ku mbewu ngati thonje. Ndi ulusi womwe mbozi imatulutsa pomanga chikwa chake, ndipo chikwa chimodzi chimapereka ulusi umodzi wautali mamita mazanamazana. Luso loweta mbozizi linayambira ku China zaka zikwi zingapo zapitazo, ndipo mpaka pano China ndi India ndiwo amapanga silika wochuluka. Chomwe chimandisangalatsa n'chakuti mbozizo zimadya masamba a mabulosi, mtundu wa mtengo womwe tonse tinakwerapo tili ana mpaka kubwera kunyumba milomo ili bii. Nthawi zonse ndikaona anyamata akugulitsa zipatso m'mbali mwa msewu wokwera ku Ku Chawe, ndimakumbuka kuti nsalu imene timaiona ngati yachilendo kwambiri imayambira pa tsamba lomwe lili kuseri kwa nyumba zathu.

Poti ndi wapachibale ndi tsitsi, musamalireni ngati tsitsi. Madzi ozizira, kashampu pang'ono, kumutembenuza mofatsa m'beseni. Sopo waufa ayi, Jik ndiye musayerekeze n'komwe, amadya ulusi. Osamupikicha, osamufinya mopota. Muikeni pa thaulo, kulungani kuti madzi alowe m'thaulomo, kenako yanikani pamthunzi, chifukwa dzuwa limamufwifwitsa. Perefyumu muzithira musanamange mpango, apo ayi amasiya madontho.

Kusita ndiye kumene ndili ndi chilonda. Mayi atamwalira, mpango wobiriwira uja unabwera kwa ine. Ndinausunga m'sutikesi zaka zisanu, ndikuopa kuuwononga. Tsiku lomwe ndinautulutsa kuti ndiuvale ku ukwati wa mwana wa azakhali anga, magetsi anali atazima, ndiye ndinakoleza simbi ya makala. Kakhala kamodzi kanathetheka n'kugwera pafupi ndi ngodya. Kanaboola pomwepo, kabowo ngati kambewu ka mapira. Ndinakhala pansi n'kulira ngati maliro ayambiranso. Azakhali anandipeza choncho. Anautenga, anauyang'ana, n'kunena kuti, "Mwanawe, mayi ako anauvala zaka makumi atatu. Iwe wausunga zaka zisanu osauona n'komwe. Bwera kuno." Anaupinda mwakuti ngodya yobookayo ikhale yolowa m'mfundo, anandimanga okha, ndipo ku ukwatiko palibe anaona kanthu. Kuyambira pamenepo ndimasita ndi moto wochepa, kunsi kwa nsalu, nditayala chitenje chakale pamwamba. Ndipo ndimauvala. Ndapita nawo kumsika, ku msonkhano wa makolo kusukulu, ngakhale kokagula matemba a ku Chilwa.

Mtsikana wa pakaunjika uja sindinamusiye choncho. Ndinamupempha kuti andigwirire chikwama, ndinapinda kampango kofiira kaja pabondo, n'kumumanga kuzungulira tsitsi lake, mfundo pambali. Mayi wogulitsayo anatulutsa kagalasi kosweka ngodya. Mtsikanayo anadziyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu, kenako anatulutsa foni n'kudzijambula. Anafunsa mtengo, ndipo ndinamusiyira kuti agule iyeyo, ngakhale ndinakaona poyamba ndine. Atamasula kuti alipire, anayesa kumanganso yekha, mfundo n'kupendekeka. Ndinamugwira manja monga mayi ankandigwirira, ya kumanja pamwamba, kenako ya kumanzere pamwamba, mpaka kachitatu. Kachinayi anamanga yekha, ndipo anatuluka pachipata cha msika atavala.