Tisaiwale khola tikamakamba za madzi

Nkhani ya madzi oipa ikabuka mu Lusaka, zala zonse zimaloza zimbudzi za m'makomboni. Sindikutsutsa. Kolera ija inadzaza odwala mu National Heroes Stadium kumayambiriro kwa 2024 imafalikira ndi chimbudzi cha munthu, osati cha chiweto. Koma ine lero mtima wanga uli pa khola.

Kuno ku Lusaka West aneba anga amaweta nkhumba. M'mawa uliwonse mnyamata wawo amatsuka khola ndi payipi, ndipo madzi akuda bii aja amatsetsereka n'kukalowa pamng'alu wa mwala kuseri kwa mpanda. Sadikha ngakhale pang'ono. Bambowo amanyadira, ati malo awo amamwa madzi bwino.

Kumwa kumeneko ndiye vuto lenilenilo. Pansi pa mzinda uno pali mwala wa laimu wodzaza ming'alu ndi mapanga, womwe uja amayi amaphwanya m'mbali mwa msewu n'kumagulitsa. Dothi lokhuthala limasefa tizilombo madzi akamatsika pang'onopang'ono, koma mng'alu susefa kanthu. Tizilombo toyambitsa matenda monga E. coli wa mu ndowe, Salmonella ndi Campylobacter wa m'zitosi za nkhuku timangotsika tili moyo mpaka kumadzi omwe mapampu athu amakoka. M'dzinja zimanyanya, chifukwa madzi apansi amakwera. A ku komboni ya Kanyama akudziwa zimene ndikunena.

Nanenso mlandu ndili nawo. Mwana wanga atatsegula m'mimba kawiri mwezi umodzi, ndinakapimitsa madzi a pabohole yathu. Anali oyera mbee, opanda fungo, koma anapezamo E. coli. Pobwerera ndinaima n'kuyang'ana bwinobwino: mulu wa manyowa a nkhuku zanga, umene ndinkasungira dimba la repu, unali masitepe asanu kuchoka pabohole, simenti ya pakamwa pake itang'ambika. Manyazi anandigwira.

A WARMA, bungwe la boma loyang'anira madzi m'Zambia, amafuna kuti bohole italikirane ndi chimbudzi mamita 30. Nanga khola la nkhumba makumi awiri n'locheperapo pa chimbudzi cha banja limodzi? Pamwala ngati wathuwu, ngakhale mamita 30 omwewo ine ndimawaona ochepa.

Mulu uja ndinausamutsira kumunsi n'kuufunditsa pulasitiki, simenti ndinamata, madzi akumwa tikuthira klorini. Aneba ndinakawapempha kuti akumbe dzenje lomata simenti la madzi a m'khola. Anaseka, amvekere, "Amwene, ifenso timamwa omwewa." Ndinawasiyira pepala la zotsatira patebulo. Dzulo ndaona matumba awiri a simenti pakhonde pawo, sindinafunse kuti ndi a chiyani.