Fainali ya AFL isamangokhala ya ku Melbourne mpaka 2059

Abale, lero ndiloleni ndikambe za mpira umene ambiri kumudzi simuutsatira, koma nkhani yake mukaimva muizindikira, chifukwa ndi ya chilungamo pa masewero.

Kuno ku Australia, September akamapita kumapeto, anthu sakamba china koma Grand Final ya AFL. Amenewa ndi masewero otsiriza a chaka, opezera akatswiri a mpira wa kuno umene eni ake amangouti footy. Mpira wake ndi wautali, osati wozungulira, amaugwira ndi manja n'kumaumenya ndi mwendo, ndipo mbali iliyonse imakhala ndi osewera 18 m'bwalo lalikulu la kiriketi. Kumapeto kwa bwalo kumakhala milongoti inayi. Mpira ukaumenya n'kudutsa pakati pa iwiri yapakatiyo, mwapeza mapointi 6, ukadutsa cham'mbali ndi pointi imodzi. Ine ndidaukondera kuno ku Perth mpira umenewu, ndipo ndimachemerera Fremantle, timu imene idalowa mu ligi mu 1995 koma chikho sinachigwirepo. Ndanena dala kuti mudziwiretu kumene ndaima.

Chimene chikundiwawa ndi ichi. Fainali imeneyi adaimangirira pa bwalo limodzi, Melbourne Cricket Ground kapena kuti MCG, mpaka chaka cha 2059. Mu 2018, AFL idasainirana mgwirizano ndi boma la Victoria (dera limene muli mzinda wa Melbourne) komanso Melbourne Cricket Club woti fainali isachoke pa MCG mpaka 2057. Boma la Victoria lidaikapo ndalama zambiri, kuphatikizapo madola a ku Australia 225 miliyoni okonzera bwalo la ku Docklands, lomwe mwini wake ndi AFL yomweyo. Kenaka kudabwera mliri wa Covid-19, fainali n'kutuluka mu Melbourne kawiri, ndipo zaka ziwirizo adazibwezera kumapeto kwa mgwirizano. Ndiye mwana amene wabadwa chaka chino ku Adelaide kapena ku Perth adzakhala atapitirira zaka 30, mwina ali ndi ana ake, asanaonepo fainali m'mzinda mwake.

Sindikukana kuti mpirawu kwawo ndi ku Melbourne. Malamulo ake oyamba adalembedwa kumeneko mu 1859. Ligi imene lero tikuitcha AFL idayamba mu 1897 ili Victorian Football League, ya matimu a ku Victoria okhaokha, ndipo kuyambira 1902 fainali yake yakhala pa MCG kupatula zaka za nkhondo za 1942 mpaka 1945, chaka cha 1991 pomwe ankamanga mbali ina ya bwaloli, ndi zaka ziwiri za mliri zija. Pa MCG mpamene anthu 121,696 adadzazana mu 1970 kuonerera Carlton ikuchoka kumbuyo ndi mapointi 44 pa nthawi yopuma n'kudzagonjetsa Collingwood. Mbiri imeneyo ndimailemekeza.

Koma ligiyi idasankha yokha kukula. Palibe adaikakamiza. South Melbourne idasamukira ku Sydney mu 1982. West Coast ndi Brisbane adalowa mu 1987, dzina lidasintha kukhala Australian Football League mu 1990, kenaka kudabwera Adelaide, Fremantle, Port Adelaide, Gold Coast ndi Greater Western Sydney. Lero mwa matimu 18, matimu 8 ndi a kunja kwa Victoria, ndipo Tasmania ikuyembekezeka kulowa mu 2028. Ndalama za pa kanema zimachokera dziko lonse. Osewera amachokera dziko lonse, ena mwa aluso kwambiri kuzilumba za Tiwi kumpoto uko. Tsiku lalikulu lokha ndiye lidatsalira mu 1902.

Ena akuti nanga si ku England nakonso fainali ya FA Cup imachitikira pa Wembley chaka chilichonse? Zoona, koma Wembley si pakhomo pa Arsenal kapena Chelsea. Onse amapitapo ngati alendo. MCG ndi yosiyana. Ndi bwalo la pakhomo la Richmond, Collingwood, Hawthorn ndi Melbourne. Tangoganizani Moyale Barracks itatsogola ligi chaka chonse, kenaka auzidwe kuti chikho akalimbirana ndi Bullets pa Kamuzu Stadium, chaka chino, chaka chamawa, mpaka zidzukulu. Ku Mzuzu anthu angavomere?

Zoterozo zidachitikadi mu 2017. Adelaide ndiyo idathera pamwamba pa ligi. Richmond idathera pachitatu. Atakumana mu fainali, Adelaide ndiyo idakwera ndege kupita pa bwalo limene Richmond idasewerapo maulendo oposa 10 chaka chimenecho, pomwe iwo adangopondapo maulendo owerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Bwalo limene Richmond imakonzekererapo, la Punt Road, lili pafupi ndi MCG moti munthu amangoyenda wapansi. Richmond idapambana ndi mapointi 48, Dustin Martin n'kutenga mendulo ya Norm Smith ya wosewera bwino koposa. Sindikuti Richmond sidayenere. Idasewera mpira wamphamvu ndipo ochemerera ake adadikira kuyambira 1980. Ndikungofunsa kuti mphotho yothera pamwamba idali chiyani ngati tsiku lomaliza wapachitatu ndiye akugona pabedi lake, wapamwamba ali kuhotela.

Ya 2015 ndiyo imaonetsa bwino vutoli. West Coast idathera pachiwiri, Hawthorn pachitatu. Sabata yoyamba ya ndime yomaliza adakumana kuno ku Perth pa Subiaco Oval, West Coast n'kupambana ndi mapointi 32. Patatha masabata atatu matimu omwewo adakumananso mu fainali pa MCG, pakhomo pa Hawthorn, ndipo Hawthorn idawakuntha ndi mapointi 46. Pa mpira uwu mabwalo safanana kukula ngati a mpira wa miyendo. Subiaco idali yaitali koma yopapatiza, MCG ndi yotambalala. West Coast chaka chimenecho idazolowera kutseka malo m'bwalo lopapatiza, ndipo itafika potambalala Hawthorn idangoyendetsa mpira m'mbali mwa bwalo, Cyril Rioli akuchita zimene akufuna. Chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 2014, Sydney nayo idathera pamwamba koma idakagonja kwa Hawthorn yomweyo pa MCG ndi mapointi 63.

Za timu yanga sindidandaula. Mu 2013 Fremantle idafika mu fainali yake yoyamba, Hawthorn ndiyo idali pamwamba pa ligi, ndipo anyamata athu adachinya chigoli chimodzi chokha m'chigawo choyamba chonse, kuphonya mipata yoonekeratu. Tidagonja ndi mapointi 15 chifukwa cha miyendo yathu yomwe.

Anzanga a ku Melbourne akamva zimenezi amandikumbutsa kuti kuyambira 2001 mpaka 2006 chikho sichidakhale ku Victoria ngakhale kamodzi: Brisbane katatu motsatizana, kenaka Port Adelaide, Sydney ndi West Coast. Amatchulanso 2018, pomwe West Coast idagonjetsa Collingwood pa MCG pomwepo ndi mapointi 5, Dom Sheed atachinya chigoli chovuta kuchokera pafupi ndi mzere wa m'mbali kutatsala mphindi zochepa. Akunena zoona, ndipo Brisbane yatenganso mu 2024 ndi 2025. Timu yabwino kwambiri imapambana paliponse. Koma kupambana kwa mlendo sikusonyeza kuti mpikisano udali wofanana. Kukungosonyeza kuti mlendoyo adali wamphamvu moti adagonjetsa adani ake ndi bwalo lomwe. Mafainali ena amathera pa mapointi ochepa. Mu 2023 Collingwood idaposa Brisbane ndi mapointi 4 okha, pa bwalo la Collingwood. Pa kusiyana kotereku, kuzolowera mphepo ya bwalo, kudziwa pamene mzere uli osayang'ana, phokoso la anthu ako, zonsezi zimalowa m'masamu.

Ndiye pali ochemerera, omwe kwa ine ndiwo nkhani yeniyeni. Kuchoka ku Perth kupita ku Melbourne pa ndege ndi maola oposa atatu. Pamsewu ndi makilomita pafupifupi 3,400, kudutsa chipululu cha Nullarbor, ndipo alipo amene amayendetsa galimoto mtunda wonsewo chifukwa timu ikangofika mu fainali mitengo ya ndege imakwera mosaneneka. Mumakhala ndi sabata imodzi yokha yopeza tikiti, ndege, pogona ndi tchuthi kuntchito. Wa ku Richmond amangokwera sitima ya m'tauni, ndipo Lachisanu lake boma la Victoria lidamupatsa kale tchuthi kuyambira 2015 kuti akaonerere osewera akuyenda pa perete.

Mfundo yamphamvu ya mbali inayo ndi kukula kwa bwalo. MCG imalowa anthu 100,000, pomwe Optus Stadium ya ku Perth imalowa pafupifupi 60,000 ndipo Adelaide Oval ndi yocheperapo. Amati kusamutsa fainali ndi kumana anthu 40,000 mwayi. Koma tafunsani kuti anthu 100,000 amenewo ndi ndani. Mamembala a matimu awiri amene akusewera amapatsidwa matikiti pafupifupi 17,000 mbali iliyonse. Otsalawo, omwe ndi ochuluka, amapita kwa mamembala a Melbourne Cricket Club, mamembala a AFL, matimu ena amene sakusewera n'komwe, ndi makampani. Matimu ngati West Coast, Collingwood ndi Richmond afikapo pa mamembala oposa 100,000 iliyonse. Munthu amene walipira umembala zaka 20, kunyowa ndi mvula ya July pa masewero opanda pake, amalowa m'maere n'kulephera, pomwe mpando wake wakhalapo wina amene wabwera kudzadya ndi kumwa ndi mabwana anzake. N'chifukwa chake ambiri amanena kuti masewero a ndime ya anayi otsiriza, aja opezera olowa mu fainali, amakhala ndi phokoso lenileni kuposa fainali imene. Ngati nkhawa ili pa ochemerera, bwenzi atayamba n'kukonza kagawidwe ka matikitiwa.

Ndipo tidaona kale kuti zimatheka. Mu 2020 fainali idachitikira pa Gabba ku Brisbane, usiku kwa nthawi yoyamba, Richmond n'kugonjetsa Geelong. Mu 2021 idabwera kuno ku Perth. Anthu 61,118 adadzaza Optus Stadium kuonerera matimu awiri a ku Victoria, Melbourne ndi Western Bulldogs, opanda timu yawo m'bwalo. Melbourne idali kumbuyo ndi mapointi 19 m'gawo lachitatu mwa magawo anayi a masewerowo, kenaka idachinya zigoli 16 mwa 17 zomaliza n'kupambana ndi mapointi 74, chikho chake choyamba kuchokera 1964. Mzinda wonse sabata imeneyo udali wa mpira. Ochemerera Melbourne amene adadikira zaka 57 adaonerera pa kanema atatsekeredwa m'nyumba, ndipo ndidawamvera chisoni kuchokera pansi pamtima. Koma kuonerera timu yako ikunyamula chikho kutali, iwe uli pa kanema, ndi zimene ambiri a ku Perth, Adelaide ndi Brisbane amakumana nazo nthawi zonse, popanda mliri.

Ine sindikupempha kuti MCG ilandidwe fainali. Ikhale komweko zaka zambiri, ndi kwawo. Koma chaka chimodzi mwa zinayi kapena zisanu ituluke, ipite ku Perth, ku Adelaide, ku Sydney, kapena ku Brisbane komwe akukonzekera bwalo latsopano la Olympics ya 2032. Mzinda ulengezedwe zaka zingapo zisanafike, monga amachitira a UEFA ndi fainali ya Champions League, kuti pasakhale wodandaula. AFL idatisonyeza kuti kusuntha masewero siivutika nako. Kuyambira 2023 imatengera matimu onse 18 ku South Australia sabata imodzi pa zimene amazitcha Gather Round, ndipo mabwalo amadzaza.

Mudzandiuza kuti mgwirizano udasainidwa, watha. Mgwirizano womwewo adautsegula kawiri pa nthawi ya mliri, mbali zonse n'kumvana. Udalembedwa ndi anthu atakhala pa tebulo, pa nkhani ya ndalama, ndipo maboma a Western Australia ndi South Australia ndalama ali nazo. Chimene chikusowa ndi matimu 8 a kunja kwa Victoria kuyankhula mawu amodzi nthawi imodzi, osati aliyense kudandaula payekha chaka chimene wagonja. Tasmania ikalowa adzakhala 9 mwa 19, ndipo pamenepo AFL idzavutika kufotokozera pafupifupi theka la ligi chifukwa chimene liyenera kukhala mlendo pa fainali kwa zaka zina 30.