Si nyerere zonse zomwe ndi mbava

Dzulo masana, dzuwa likuswa mtengo, ndinakhala kuseri kwa nyumba kuno kwa Santhe. Nsatsi zomwe zinamera zokha pafupi ndi dzala zinkathetheka, njere zikugwera uku ndi uku. Kenaka ndinaona nyerere zingapo zitagwirizana pa njere imodzi, zikuikoka chobwerera mpaka kukalowa nayo kuuna. Mwana wa achemwali anathamangira kukhitchini kukapala phulusa lamoto kuti azithire. Ndinamuletsa. Madzulo nkhaniyi inafika kwa achimwene ndipo tinatsutsana mpaka nsima kuzizira, n'chifukwa chake ndati ndiitule pano.

Tolani njere ya nsatsi muiyang'anitsitse. Imafanana ndi nkhupakupa yokhuta magazi, moti dzina lake la Chilatini, Ricinus, limatanthauza nkhupakupa yomweyo. Kunsonga kwake kuli kamutu kotuwa, kofewa. Kamutu kameneko kali ndi mafuta, ndipo ndi komwe nyerere zimafuna. Akatswiri a zomera amakatcha elaiosome. Nyerere zimanyamula njere yonse kupita nayo kuuna, zimadyetsa ana awo kamutuko, njere yeniyeniyo n'kuitaya padzala pawo isanaboolewe n'komwe. Inde, nazonso zili ndi dzala, pomwe zimataya zotsalira za chakudya ndi anzawo akufa, ndipo nthaka ya pamenepo imakhala ya chonde kuposa yozungulira. Ndiye taganizani: njere yachotsedwa patsinde pa make pomwe ikanalimbirana dzuwa ndi madzi, yakwiriridwa pomwe mbewa ndi mbalame sizingaione, yapatsidwa ndi manyowa omwe. Kodi kumeneko si kudzala? Malipiro a ganyu yonseyi ndi kamutu kosakwana njere ya mapira.

Si nsatsi yokha. Njere za chinangwa nazo zili ndi kamutu komweko, kungoti ife timabzala mitengo yake ndiye njerezo sitizilabadira. Padziko lonse pali mitundu ya zomera yoposa 11,000 yomwe mbewu zake zimayendetsedwa ndi nyerere. Siziyenda nazo kutali ayi, nthawi zambiri mita imodzi kapena iwiri basi. Chachikulu n'chakuti mbewuyo yalowa pansi.

Achimwene anati zonsezo n'zam'mabuku, iwo chomwe amadziwa n'chakuti nyerere zimawathera mbewu panazale ya fodya. Pamenepo sananame. Aliyense wolima fodya ku Kasungu kuno akudziwa kuti ukafesa, nyerere zimatha kututa timbewu tija bedi n'kumera mwa apo ndi apo. Zimenezo zimadya mbewu yeniyeniyo, ndi mbava ndithu. Zina zimaweta nsabwe za m'masamba pa ndiwo zathu kudimba. Za linthumbu lolowa m'khola la nkhuku usiku sindinena n'komwe. Sindikuikira kumbuyo zimenezo. Tetezani nazale yanu, tetezani shuga wanu m'kabati.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti takhala ngati mfumu yolamula mudzi wonse kuti usamuke chifukwa cha mbuzi imodzi yobedwa. Munthu akagula mankhwala opopera ku thonje kapena ku tomato, otsala amakathira pauna uliwonse womwe wauona, ngakhale kumalire a munda, ngakhale kutchire komwe nyererezo sizinamulakwire kanthu. Ena amasakaniza nyerere ndi chiswe, chonsecho womanga chulu ndi kudya mapaso a denga ndi chiswe.

Ku South Africa, kuchigawo cha Cape, anaona zomwe zimachitika nyerere zodzala zikasowa. Kumeneko kuli tchire lotchedwa fynbos lomwe limapsa kawirikawiri, ndipo zomera zake zambiri zimadalira nyerere kuti zikwirire mbewu moto usanadutse. Kunafika nyerere yachilendo yochokera ku South America, yotchedwa Argentine ant, n'kuthamangitsa nyerere zina za eni dera. Mlendoyu amangodya kamutu kaja pomwepo, mbewu n'kuisiya pamtunda. Makoswe a m'tchire amatola, zotsala moto umapsereza, ndipo m'malo omwe nyerereyi yakhazikika zomera zina zimamera zochepa kwambiri moto ukadutsa.

Ine nditamva zimenezi ndinaganiza za kwathu konkuno. Chaka ndi chaka, kuyambira Ogasiti, tchire limayaka ponseponse, anyamata akusaka mbewa, ena kungoyatsa poti machesi alipo. Mbewu yomwe ili pamtunda nthawi imeneyo yatha basi. Yopulumuka ndi yomwe ili pansi pa nthaka, ndipo mwa okwirira mbewu kutchireko, komwe kulibe khasu la munthu, muli nyerere zomwe tikuzithira mankhwalazi. Timadandaula kuti zitsamba zomwe agogo ankakumba pafupi ndi mudzi masiku ano zikusowa. Zifukwa zake n'zambiri, makala, minda kukula, mbuzi, moto. Koma pomwe tchire lavutika kale chonchi, kupha ndi othandiza omwe n'kuwonjezera mchere pabala.

Achimwene sanagonje. Akuti njere ija nyerere zadya yonse, ndipo ine ndi sukulu yanga tikungodzinamiza. Pauna paja ndazikapo kamtengo kuti pasasokonekere. Tapangana kuti mvula ikagwa pakamera nsatsi, iwo adzapha tambala wawo wofiira uja. Pakapanda kumera, ine ndikawathirira nazale sabata yathunthu chaka chamawa.