Masana kuvinira ufulu, usiku kutulutsa chimanga pa njinga

Abale anga a kuno ku Mchinji, mundimve bwino, makamaka inu anyamata a kabaza ndi makolo amene mukuwatuma.

Zomwe ndinaona ku Mkanda pa 6 Julaye pomwepa zandikwana. Masana onse zoimbira zili pamwamba, mbendera m'khosi, mowa ukungotsanulidwa, akuti tikukondwerera ufulu. Dzuwa litangolowa, anyamata omwewo, mowa usanawachoke m'mutu, akumanga matumba atatuatatu a chimanga ndi soya pa njinga zamoto, nyali atazimitsa, ulendo wa ku Zambia kudzera njira za m'tchire. Ndinafunsa mayi wina amene ankawerenga ndalama pansi pa mtengo wa mango kuti, "Mayi, nanga m'nkhokwe mwasiyamo chiyani?" Iye anangoti, "Agogo, kwacha ya uko ndi yolemera, ya kuno ndi mapepala chabe," uku akuseka, mwana ali kumsana.

Ufulu wake uti umene mumavinira uja? Mwezi wa Julaye, chimanga chisanamalize n'kuuma komwe, inu mwagulitsa kale. Feteleza wotsika mtengo wa boma naye sagona m'nyumba: kungomulandira, thumba latengedwa ndi venda. Ena mpaka kugulitsa mtedza uli m'munda! Ndiye Januwale akafika mudzatani? Si inu nomwe mudzaima pa chipata cha Mwami, mimba ili pepuu, kugula ufa wa ku Chipata pa mtengo wothyola khosi?

Kamuzu, mwana wa ku Kasungu pafupi pompa, ankabwereza zinthu zitatu pa msonkhano uliwonse: chakudya chokwanira, zovala zabwino ndi nyumba yosadontha. Munenereni zina zonse, ndipo zonena zilipodi, koma chakudya ankachiika patsogolo. Mu 2007, nthawi ya Bingu, dziko lino linagulitsa chimanga ku Zimbabwe. Mu 2025 boma lathu lomweli linapita kukasaina zogula matani 200,000 a chimanga ku Zambia. Zaka zoposa 60 chilandirireni ufulu mu 1964, ife a m'boma limene mtsinje wa Bua umayambira, nthaka yachonde chonchi, tizidya nsima yochita kupempha?

Mukuganiza kuti mnansi adzakutsegulirani khomo tsiku lililonse? Mwaiwala 2024? Chilala chitavuta, Zambia inaletsa chimanga kutuluka m'dziko mwawo, ndipo sindikuwanena, anaganizira ana awo. Mwaiwala Epulo 2025, pamene Tanzania inakaniza zokolola zathu kulowa kwawo, n'kuopseza za feteleza wathu wodutsa pa doko la Dar es Salaam? Zinatha msanga, inde, koma mitima inali m'mwamba. Mafuta onse amene mumathira m'njinga zanuzo amadzera ku Dar es Salaam, Beira kapena Nacala. Tilibe nyanja ya mchere, zimenezo palibe angazisinthe. Koma nkhokwe nayo tikaisungitse kwa eni? Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Musandiuze za kugwa kwa kwacha. Ndikudziwa kuti mu Novembala 2023 anaigwetsa ndi 44 pa 100 iliyonse, sopo ndi shuga ndimagula sitolo zomwe mumagula inuzo. Gulitsani soya, gulitsani fodya, mulipire fizi. Koma chimanga cha ana? Ndalamayo ikuthera pa foni yatsopano ndi kubetcha mpira, sabata isanathe m'thumba muli mbee. Njala ikubwera m'makomo mwanumo, ndipo idzayambira ana aang'ono. Anyamata enanu mudzathyoka miyendo m'maenje a njira zamdimazo, kapena kugona m'chitokosi cha dziko la eni.

Nanu mafumu, njinga zimenezi zimadutsa kuseri kwa nyumba zanu usiku ndi usiku. Musanamizire kugona tulo. Anthu akuluakulu ndevu pepeya, manyazi mulibe? Lekani zimenezi.